Kachilombo komwe kanawalitsa mipando ya ku Ulaya

Mmisiri wodziwa kukonza mipando yakale sathamangira sandipepa. Akamubweretsera tebulo lothimbirira, lodzaza zipsera za makapu pamwamba, iye amayamba walizungulira kaye, manja kumbuyo, ngati munthu wogula ng'ombe pamsika. Kenako amagwada n'kufunafuna malo obisika, kaya kuseri kwa mwendo kaya kunsi kwa mlomo wa tebulolo, n'kugunditsapo kathonje konyowetsa ndi sipiriti. Amadikira pang'ono. Pamalopo pakafewa n'kuyamba kumata chala, thonje n'kutuluka lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, mmisiriyo amadziwa kuti wakumana ndi shelaki.

Sipiriti akapanda kuchita kanthu, amasamukira pena n'kuyesa thinazi. Pakasungunuka ndi thinazi, ndiye kuti mpandowo anaupopera lacquer wa nitrocellulose, mankhwala omwe kunalibe m'mafakitale a mipando isanafike 1920. Zonse ziwiri zikakanika, chatsala ndi vanishi wa mafuta kapena polyurethane wa masiku ano, zomwe zikauma sizibwereranso m'mbuyo. Phula ndiye losavuta, limachoka ndi turpentine, ndipo mmisiri wanzeru amayamba walichotsa pamalo oyesererapo kuti lisamunamize. Akatswiri a m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ali ndi njira ina: amazimitsa magetsi n'kuunika mpando ndi nyali ya ultraviolet. Mumdimamo shelaki amayaka ngati khungu la lalanje, pomwe utomoni wina wa mitengo umaoneka wotuwa mopita ku mtundu wa msipu.

Ntchito yonseyi siitha mphindi khumi, koma yankho lililonse limakhala ndi zaka zake, dziko lake ndi sitima yake yomwe inabweretsa katunduyo. Ndipo mwa zonse zomwe anthu akhala akupaka pa thabwa, chomwe chinayenda ulendo wodabwitsa kwambiri ndi chofiirira chija chotsala pathonje.

Shelaki sachokera mumtengo ngati utomoni wina uliwonse. Amachokera m'thupi la kachilombo kakang'ono kofiira kotchedwa Kerria lacca, kopezeka ku India, ku Thailand ndi m'maiko oyandikana nawo. Tizilomboti tikaswa timatuluka chigulu, timabalalika panthambi zanthete, kalikonse n'kulasa khungwa ndi kamlomo kake n'kuyamba kuyamwa madzi a mtengo. Kakakazi kakangokhazikika sikasunthanso moyo wake wonse. Kamatulutsa utomoni womwe umauma n'kukaphimba, ndipo poti timakhala mothithikana, tinyumba tawo timalumikizana mpaka nthambi yonse kuvala chikhokho chokhakhala, chofiira moderako. Mitengo yomwe alimi a ku India amaweterapo tizilomboti kwambiri ndi itatu: palas, kusum ndi ber. Wachitatuyu si wachilendo kwa aliyense amene anagulako zipatso pamsewu wa ku Chikwawa kapena ku Tete, chifukwa ber ndi msawu, mtengo womwewu wa masawu.

Dzina lakuti lac anthu amaligwirizanitsa ndi mawu a Chisansikiriti akuti laksha, kutanthauza 100,000, chifukwa cha unyinji wa tizilomboto. Amwenye akhala akuudziwa utomoniwu kuyambira makedzana. Mu nkhani yawo yakale ya Mahabharata muli nyumba yomangidwa ndi lac, yomwe adani a abale asanu otchedwa Pandava anakonza n'cholinga chowatenthera momwemo, podziwa kuti utomoniwu suchedwa kugwira moto.

Kakonzedwe kake kachikale n'kofunika kukaona ndi maso. Alimi amadula nthambi zija, amapala chikhokho, amachisinja n'kuchitsuka m'madzi mochipondaponda. Madziwo amafiira psuu, ndipo chotsala ndi timibulu tachikasu ngati mapira. Timibuluti amatithira m'thumba la nsalu lalitali ngati payipi, lotalika mamita angapo. Munthu mmodzi amagwira nsonga imodzi pafupi ndi moto wa makala, mnzake ali kutali uko akupota nsonga inayo, ndipo utomoni wosungunuka umatuluka m'maso a nsalu n'kusiya zinyalala m'kati. Wachitatu ndiye mwini chionetsero. Amatenga chibuma chotenthacho, amachiyala pa mtsuko wa madzi ofunda, kenako amachinyamula n'kuima nacho pafupi ndi moto, kuponda m'munsi ndi zala za kumapazi, kugwira m'mbali ndi manja, kuluma pamwamba ndi mano, n'kudzitambasula mpaka utomoniwo utasanduka chinsalu chopyapyala chachikulu ngati chitseko. Chikazizira amachiphwanya, ndipo timapalepale timeneto ndiye shelaki wogulitsidwa m'masitolo a amisiri.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka mazana ambiri amalonda akunja ankalimbirana madzi ofiira aja, osati utomoni. Utoto wa lac unkanyika silika, ubweya ndi zikopa. Dokotala wa Chipwitikizi Garcia de Orta, yemwe anasindikiza buku lake la mankhwala a ku India mumzinda wa Goa mu 1563, anamva zoti lac amapangidwa ndi nyerere monga momwe njuchi zimapangira uchi. Sanalase penipeni, komanso sanaphonye patali. Mdatchi wina, Jan Huyghen van Linschoten, analemba mu 1596 za momwe amisiri a ku India ankakongoletsera miyendo ya mabedi ndi mipando: ankazunguliritsa mtengo pa makina osemera, n'kukanikizapo kandodo ka lac wautoto, ndipo kutentha kwa kukhuzanako kunkasungunula utomoni n'kuumata pamtengo. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito m'tauni ya Channapatna ku Karnataka, komwe amasema zidole. Kachilombo keniko anadzakafotokoza bwino ndi James Kerr mu 1781, ndipo dzina lija lakuti Kerria ndi lake.

Chomwe chinakokera shelaki m'mashopu a akalipentala a ku Ulaya chinali kaduka. Sitima za Apwitikizi ndi Adatchi zinkabwera ndi mabokosi ndi makabati a ku Japan ndi ku China, akuda bii, onyezimira ngati dziwe usiku, ojambulidwa ndi golide. Olemera anapenga nazo. Amisiri a ku Paris ndi ku London ankazigogoda, kuzinunkhiza, kuzipala, koma chinsinsi osachipeza. Chinsinsicho chinali urushi, utomoni wa mtengo wa kum'mawa kwa Asia womwe umatulutsa magalamu pafupifupi 200 okha pa mtengo umodzi m'nyengo yonse yokolola, umatupitsa khungu la wosauzolowera, ndipo umachita zosiyana ndi penti aliyense: umauma pa chinyezi, osati padzuwa. Ukauma, sipiriti sauchita kanthu. Mtengowo ku Ulaya kunalibe.

Posowa chenicheni, anapanga chofanizira. Mu 1688 John Stalker ndi George Parker anatulutsa ku Oxford buku lotchedwa A Treatise of Japaning and Varnishing, lophunzitsa kusungunula timibulu ta lac mu mowa waukali wotcheza kuchokera ku vinyo, kusakaniza ndi mwaye, kupaka kambirimbiri, kukhuza, kenako kujambulapo mbalame ndi tinyumba ta ku China momwe Mngelezi ankatiganizira. Luso limeneli analitcha japanning, ndipo linatchuka mpaka atsikana a m'mabanja olemera ankaliphunzira kusukulu. Ku Paris, abale a banja la Martin analandira chilolezo cha mfumu mu 1730 chopanga zofanizira zoterezi, ndipo vanishi wawo, yemwe mpaka lero amatchedwa vernis Martin, anavala makabati, ngolo za akavalo ndi timabokosi ta fodya. Lero wokonza mipando akapatsidwa kabati yakuda yojambulidwa ndi golide, funso lake loyamba limakhala lomweli: ndi urushi weniweni kapena ndi japanning? Kathonje ka sipiriti komwe sikangavulaze urushi wabwinobwino kangathe kufufuta japanning wa zaka 300 nthawi yomweyo. Nthawi zina zonse ziwiri zimakhala pa kabati imodzi, chifukwa amisiri a ku France ankang'amba matabwa a mabokosi a ku Japan, kuwapala kuti apyapyale, kuwamata pa mipando yawo, n'kudzaza mipata ndi vanishi wawo.

Komabe mipando yambiri ya m'zaka za m'ma 1700, nthawi ya mmisiri Thomas Chippendale ndi mahogany wochokera ku Jamaica, sinkanyezimira ngati galasi. André-Jacob Roubo, mmisiri wa ku Paris yemwe analemba za ukalipentala pakati pa 1769 ndi 1775, anafotokoza za kamtolo ka udzu wa m'madambo, komangidwa zolimba n'kuviikidwa m'phula, komwe ankakhuzira thabwa mpaka phula litalowa m'timaenje tonse. Thomas Sheraton, mu buku lake la mu 1803, anatchula phula losakaniza ndi turpentine, komanso mafuta a linseed okhuzidwa ndi fumbi la njerwa. Anthu ena ankafiiritsa mafutawo ndi muzu wa alkanet kuti mahogany aoneke wakupsa. Mipando yapamwamba inkapakidwanso vanishi wopyapyala wa utomoni wa sandarac wochokera ku Morocco. Kuwala kwake kunali kofatsa, kochokera m'kati, kofanana ndi kwa mpini wa khasu womwe wagwiridwa madzinja ambiri. Osema ziboliboli a kuno kwathu, amene amakhuza mpando wosema ndi polishi wa nsapato ndi bulashi, ali pafupi ndi Roubo kusiyana ndi momwe angaganizire, pakuti polishi wa nsapato ndi phula lautoto basi.

Vanishi wolimba kuposa onse wa m'zaka za m'ma 1800 ankachokera kufupi ndi kuno. Pagombe la kum'mawa kwa Africa, moyang'anana ndi Zanzibar kutsikira ku Kilwa mpaka kumpoto kwa Mozambique, kuli mtengo womwe Aswahili amautcha msandarusi. Utomoni wake, copal, umagwa pansi n'kukwiririka, n'kuuma kwa zaka zosawerengeka mpaka kulimba ngati mwala. Anthu a m'derali ankaukumba nthawi ya mvula nthaka ili yofewa, n'kukaugulitsa kwa amalonda a pagombe. Ogula ake akuluakulu anali a ku Salem, ku Massachusetts, makamaka dziko la America litapangana za malonda ndi Seyyid Said, wolamulira Zanzibar, mu 1833. Sitima zawo zinkabwera ndi nsalu yoyera ija Aswahili anaitcha merikani, n'kubwerera ndi minyanga, zikopa ndi copal. Ataphikidwa ndi mafuta a linseed, copal ankapereka vanishi wopirira mvula, woyenera ngolo, zitseko ndi mipando yogwira ntchito. Motero mpando wakale wa ku America womwe wakana sipiriti ndi thinazi, khungu lake litadera n'kung'aluka ngati msana wa ng'ona, ungathe kukhala kuti wavala utomoni wokumbidwa ndi khasu ku Tanzania.

Shelaki anadzalanda ufumu cha m'ma 1820, pomwe njira yotchedwa French polish inafalikira ku England kuchokera ku France. Dzinali limasokoneza anthu ambiri. French polish si mankhwala ogula m'botolo ayi, ndi kapakidwe. Mmisiri amatenga thonje lodzaza dzanja, amalinyowetsa ndi shelaki wosungunula mu sipiriti, amalikulunga m'kansalu kosalala kopanda ulusi wothothoka, n'kupota kumbuyo kuti pansi pakhale posalala ngati dzira. Kampira kameneka amakayendetsa pathabwa mozungulirazungulira, kenako ngati akulemba nambala 8, osanyamula dzanja. Ulendo uliwonse umasiya kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, komwe kamauma dzanja lisanabwererenso pamalopo. Kuti kampirako kasamate, amadonthezapo mafuta pang'ono ndi nsonga ya chala. Kuti timaenje ta thabwa titsekeke, amawazapo fumbi la mwala wa pumice, lomwe limapera thabwa pang'onopang'ono n'kukankhira ufa wake m'maenjemo. Lamulo lalikulu ndi limodzi: kampira kasaime. Kamatera pathabwa kakuyenda kale ndipo kamanyamuka kakuyendabe, ngati mbalame yojompha nsomba. Kakangoima ngakhale kamphindi, sipiriti amadya zonse zomwe zapakidwa n'kusiya chidindo cha nsalu.

Akapaka kwa kanthawi amasiya ntchitoyo igone usiku, mawa n'kuyambiranso, mkuja chimodzimodzi. Kumapeto amachepetsa shelaki n'kuwonjezera sipiriti mpaka kampira katatsala pang'ono kuuma, n'cholinga chochotsa mafuta onse aja. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pamwamba pa tebulo limodzi pangathe kudya masiku angapo. Koma zotsatira zake palibe bulashi yomwe ingazifike. Munthu akayang'ana mahogany wopakidwa chotere amaona ngati akusuzumira m'madzi oyera, mizere ya thabwa ikusinthasintha akasuntha mutu.

Mu 1855 boma la Britain linalola kuti mowa waukali wogwiritsa ntchito m'mafakitale uzigulitsidwa popanda msonkho, bola authire mankhwala oti munthu asamwe. Uku ndiye kubadwa kwa methylated spirit. Mtengo wa French polish unatsika, ndipo zomwe zinali za mabwana zinafika m'nyumba za makalaliki ndi eni magolosale. Kupolisha kunasanduka ntchito payokha, yosiyana ndi ukalipentala. Ku East End ya London ndi ku High Wycombe, kwawo kwa mipando yokhalira, kunali amuna ndi akazi ambiri omwe ntchito yawo inali kampira kokhako, zala zawo zofiirira mpaka kumanda. Chaka chotsatira, mu 1856, William Perkin anatulukira utoto woyamba wopangidwa kuchokera ku phula la malasha, ndipo m'kupita kwa zaka utoto wa lac unasowa msika. Madzi ofiira omwe kale anali chuma anayamba kutayidwa, utomoni womwe unali wotsalira n'kukhala mwini malonda.

Apa ndi pomwe mbiri ya shelaki ili ndi mlandu. Anthu a nthawi ya Mfumukazi Victoria anakonda kunyezimira mopitirira muyeso. Matebulo ndi makabati a agogo awo, omwe anali atakhwima bwino ndi phula la zaka 100, ankawaona ngati auve. Ankawatumiza kwa opolisha, omwe ankapala khungu lakale lonse n'kuwaveka galasi la shelaki, nthawi zina lothira utoto wofiira. N'chifukwa chake kathonje kaja kamatha kunena zoona koma n'kusocheretsa munthu. Kakatuluka kofiirira pa kabati ya mu 1760, sikakunena za mmisiri amene anaipanga. Kakunena za mdzukulu wa mwini wake, amene ankafuna kuti alendo adziyang'anire nkhope pachitseko. Wokonza waluso amafufuza m'makona a zosemasema, kuseri kwa zogwirira za mkuwa ndi pansi pa mahinjesi, momwe mpeni wa wopala uja sunafike, ndipo kumeneko amapezako khungu loyamba litabisala.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kachilombo kaja kanapeza ntchito ina yaikulu kuposa mipando. Emile Berliner anayamba kuumba mbale za galamafoni ndi shelaki wosakaniza ndi fumbi la miyala, ndipo kwa zaka pafupifupi 50 nyimbo za dziko lonse zinkazungulira pa utomoni wa ku India, maulendo 78 pa mphindi. Mbale zolemera zija, zosweka ngati zadothi zikagwa, zomwe agogo ankaimba pa galamafoni yopukusa ndi dzanja, zinali zimenezi. Mu 1942 nkhondo itatseka njira za ku Asia, boma la America linadula ndi 70 peresenti shelaki wopita ku makampani a nyimbo, ndipo anthu ankabweza mbale zakale kuti zikaphwanyidwe n'kuumbidwanso. Makampani a zamagetsi nawo ankamufuna pokutira mawaya. Kukwera mtengo kwake ndi komwe kunachititsa Leo Baekeland kufunafuna cholowa m'malo, ndipo mu 1907 anatulukira Bakelite, pulasitiki woyamba wosadalira chomera kapena nyama.

Chomwe chinachotsa shelaki pamipando chinachokera kwa dokotala wa zapakhosi ndi kwa opanga onga wa mfuti. Allen DeVilbiss wa ku Toledo, ku Ohio, anapanga kachipangizo kopoperera mankhwala kukhosi kwa odwala, ndipo mwana wake Thomas anakasandutsa mfuti yopoperera penti mu 1907. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, kampani ya DuPont inali ndi luso lochuluka la nitrocellulose, yemwe ankapangira onga, ndipo inatulukira njira yomusandutsa penti wopopera wouma msanga wotchedwa Duco. Galimoto za Oakland za mu 1924 ndizo zinayamba kumuvala. Ntchito yopenta galimoto, yomwe inkatha milungu, inatsika kufika pa maola. Eni mafakitale a mipando anawerengetsera msanga: munthu mmodzi wa mfuti yopopera ankamaliza m'mawa umodzi zomwe opolisha angapo ankachita sabata yathunthu, ndipo lacquer sankachita mantha ndi dontho la mowa. Pofika m'ma 1930 French polish anali atayamba kubwerera ku mapiyano, magitala apamwamba ndi mipando yakale. Otto Bayer anatulukira polyurethane ku Germany mu 1937, ndipo mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale za vinyl zoimba nthawi yaitali. Misika iwiri ikuluikulu ya kachilombo kaja inapita m'badwo umodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani okonza mipando yakale sanamutaye? Chifukwa chofooka chake chomwecho ndicho chimamupulumutsa. Shelaki amasungunuka mu sipiriti ngakhale atakhala zaka 150. Polyurethane akakandika, munthu amayenera kupala mbali yonse n'kuyambiranso, chifukwa watsopano amangokhala pamwamba pa wakale ngati chigamba. Shelaki watsopano amalowa mwa wakale n'kukhala thupi limodzi, msoko osaoneka. Khungu likang'aluka timing'alu ngati pansi pa dambo louma, mmisiri amatha kudutsitsapo bulashi yofewa yonyowa ndi sipiriti yekha, shelaki wakaleyo n'kufewa, kuyenderera, kutseka ming'alu, n'kuumanso ali pamalo pake ndi mtundu wake womwewo.

Zipsera za makapu nazo zili ndi chinenero chake. Mkombero woyera umatanthauza kuti chinyezi chakodwa m'kati mwa khungu koma sichinafike pathabwa. Umenewo umatha ndi kutentha pang'ono, kapena ndi kansalu konyowa sipiriti pang'ono kwambiri, kodutsitsidwa mopepuka ngati munthu akuingitsa ntchentche pa mwana wogona. Mkombero wakuda ndi nkhani ina: madzi anaboola mpaka pathabwa, ndipo pa mitengo ngati oak anakumana ndi chitsulo n'kupanga inki. Pamenepo pamafunika oxalic acid ndi dzanja lodziwa. Pomwe pabenthuka amadzazapo ndi kandodo ka shelaki wautoto kosungunula ndi mpeni wotentha, mdzukulu weniweni wa kandodo komwe Linschoten anaona ku India, kenako amajambulapo mizere ya thabwa ndi kabulashi kosongoka. Mtundu amauyerekeza masana pawindo, osati pa getsi, ndipo amayamba ndi wowala chifukwa kudetsa n'kosavuta koma kuyeretsa ayi.

Adani enieni a mipando yakale kawirikawiri amakhala anthu oikonda. Pali chikhulupiriro chakuti thabwa limamva njala ndipo liyenera kudyetsedwa mafuta. Mafuta a linseed opakidwa chaka ndi chaka amawalitsa tsiku loyamba, kenako amamata fumbi, amada, amalimba mpaka kukana kuchoka. Polishi wopopera wokhala ndi silicone, wa mtundu womwe unatchuka Pledge atafika pamsika mu 1958, amalowa m'ming'alu n'kukhazikika m'thabwa, ndipo tsiku lomwe munthu adzafune kupakapo chatsopano, chimathawa pamalopo n'kusiya timaenje ngati maso a nsomba. Ndipo pali uja amene amangoona kuthimbirira n'kukoka makina a sandipepa. Mphindi 20 zimamukwanira kuchotsa mtundu womwe dzuwa, mpweya ndi manja a anthu zinaumba kwa zaka 200, ndipo palibe sitolo yogulitsa mtundu umenewo.

Msika wa zinthu zakale unaika mtengo pa nkhaniyi. Mu 1997 mphunzitsi wina wopuma wa ku New Jersey anapita ku pulogalamu ya pa TV ya Antiques Roadshow ndi katebulo kotchovera juga komwe anagula madola 25 pabwalo la nyumba ya munthu zaka pafupifupi 30 m'mbuyomo. Mapasa awiri odziwa mipando, Leigh ndi Leslie Keno, anapeza kunsi kwake chipepala cha John Seymour ndi mwana wake, amisiri a ku Boston a m'ma 1790. Chinawasangalatsa kwambiri n'chakuti mayiyo sanakapale katebuloko kapena kukapaka vanishi watsopano. Mu Januwale 1998 kanagulitsidwa pa okishoni ku Sotheby's ku New York pa madola 541,500. Nkhani zoterezi zinabala mantha enanso opitirira, mpaka anthu ena amaopa kupukuta fumbi pa mpando wamba wa m'fakitale womwe khungu lake linafa kalekale. Tebulo lodyera la m'ma 1950 lomwe lacquer wake akusupuka ngati nkhanambo silitaya kanthu likapakidwanso. Luso lagona podziwa kuti mpando uti ndi uti.

Ngakhale akatswiri sagwirizana pa zonse. Nyumba ya Victoria and Albert Museum ku London ili ndi bokosi lotchedwa Mazarin Chest, lopangidwa ku Japan cha m'ma 1640, lomwe inagula mu 1882. Kuwala kwa zaka mazana kunali kutafooketsa urushi wake, timapale ta golide ndi zigoba tikutukuka, ndipo okonza a ku Ulaya anali atapakapo zawozawo. Pakati pa 2004 ndi 2008, Shayne Rivers wa ku nyumbayo anagwira ntchito pa bokosili pamodzi ndi Yoshihiko Yamashita wa ku Japan, ndipo anachokera m'masukulu awiri otsutsana. Ku Ulaya amaphunzitsa kuti chilichonse chomwe wokonza waika chiyenera kukhala chotheka kuchotsa mawa. Ku Japan amakonza urushi ndi urushi, podziwa kuti sudzachokanso, chifukwa kwa iwo kusunga luso ndi mbali ya kusunga chinthucho. Anayesa njira zosiyanasiyana pa timatabwa toyeserera, ndipo pamapeto pake urushi anagwira nawo ntchito yolimbitsa khungu la bokosilo.

Ku India ulimi wa lac sunafe. Chigawo cha Jharkhand ndicho chimakolola wambiri, ndipo ku Namkum, pafupi ndi Ranchi, kuli malo ofufuzira za lac omwe anakhazikitsidwa mu 1924. Mabanja a m'midzi amamangirirabe timitolo ta nthambi zokhala ndi mazira pa mitengo ya kusum ndi misawu, n'kudikira miyezi kuti chikhokho chikhwime. Ogula ambiri tsopano ndi opanga masiwiti, mapilitsi ndi opukuta zipatso za m'masitolo akuluakulu. Pa pepala la siwiti yonyezimira, shelaki amabisala pa nambala E904.

Kagawo kochepa kamafikabe kwa okonza mipando, ndipo iwo amakonda kugula timapalepale touma, osati wosungunula kale, chifukwa shelaki akakhalitsa mu sipiriti amasintha n'kuleka kuuma bwino. Amayeza timapaleto pasikelo, amatithira m'botolo la galasi, amathira sipiriti woyera wopanda utoto, n'kumagwedeza botololo mwa apo ndi apo mpaka tsiku lotsatira. Kenako amasefa ndi nsalu. Akagula wamtundu wosayeretsedwa kwambiri, pansaluyo pamatsala tizinyalala ta makungwa ndi tizidutswa ta tizilombo tomwe. Pabotolo amalembapo tsiku. Likapezeka botolo lakale pashelefu, amadontheza kadontho pagalasi madzulo, ndipo m'mawa amakakanikiza ndi chikhadabo asanalole kampira kuyandikira tebulo la mwini wake.